Chipinda Chotchipa cha ku Chinsapo

Loko adali wosathyoledwa, ndipo mlandu wonse udagona pamenepo.

Dorika adamugwira lokoyo n'kumutembenuza uku ndi uku ngati munthu wosankha tomato pamsika. Panalibe pokhomedwa ndi nyundo, panalibe pokandika. Chitseko cha kanyumba kosungiramo mbewu chidali chilili, koma m'kati mudali mbee! Matumba onse a kachewere amene mayi Agnesi ankasunga kuti abzale kudimba adali atapita. Pansi padangotsala tizidutswa ta mphukira ndi mapazi a anthu ovala nsapato.

"Mwaona nokha, amake Linus," adatero mayi Agnesi, ataima pakhomo atafunda zitenje ziwiri chifukwa cha chisanu. "Makiyi alipo awiri basi. Wina ndidapita naye ku Lilongwe, ali pakhosi panga pano. Winayo amakhala m'nyumba mwa mlongo wanu. Nanga mbava yake ndikaifune kuti, ku Mozambique?"

Dorika adabwezera loko pachitseko. M'mudzi uno wa kumtunda kwa Kaphuka iye ndiye adali wapampando wa gulu la chitetezo, ndipo anthu ankamuopa chifukwa cha mafunso ake osatha. Nkhuku ikasowa, mbuzi ikadya chimanga cha eni, ankathamangira kwa iye. Koma lero woganiziridwayo adali Gerevazio, mlongo wake wobadwa naye bere limodzi, amene adakwatira Alile, mwana woyamba wa mayi Agnesi, n'kumakhala pachikamwini. A Damiano, mlongo wawo wa mayi Agnesi ndiponso mwini mbumba, adali atalamula kale kuti dzuwa likapendeka abale asonkhane, mkamwini apatsidwe chikwama chake azipita kwawo. Ana atatu atsale ndi mayi wawo monga mwa mwambo.

"Tandiuzani za ulendo wanu," adatero Dorika. "Muyambire pachiyambi."

"Ulendo wanga walakwa chiyani?"

"Ingondiuzani, amake Alile."

Mayi Agnesi adausa moyo. "Mukudziwa kale kuti mwana wanga Faith wa ku Lilongwe uja adachira, mwana wamwamuna, ndiye ndidapita kukathandiza chikuta. Koma nyumba za m'tauni! Kachipinda kamodzi, bedi pomwepo, mbaula pomwepo, njinga pomwepo. Ine ndigone m'menemo pamodzi ndi mkamwini wanga, a Samuel? Ndizimva mkonono wa mkamwini? Ndidati bola ndikwere mumtengo ngati nkhuku."

"Ku resitihausi bwanji?"

Mayiwo adalavulira malovu pambali. "Mtengo wake mukhoza kugulira kambuzi. Komanso mukudziwa zochitika m'mabedi amenewo. Ndigone malo otentha chotero, m'mawa ndikanyamule khanda la m'chikuta? Likatupa ndidzaloza ndani? Mwana wanu Linus ndiye adandipulumutsa, Mulungu amudalitse. Adandichingamira padepoti n'kukandisiya ku Chinsapo kwa mayi wina wamasiye, wopemphera. Kachipinda kakuseri, mphasa yoyera, bulangete lochapa. Malipiro ake chidebe chimodzi cha kachewere basi, ulendo wonse."

Ngakhale zinthu zidali pothina, mtima wa Dorika udakomako pang'ono. Ndi iye yemwe adalengeza kumphakati wa tchalitchi miyezi ingapo yapitayo kuti aliyense wopita kukaona abale ku Lilongwe asavutike ndi pogona, mwana wake wogulitsa zamasamba kumsika waukulu amadziwa malo otchipa. Mayi akakhala ndi mwana m'tauni, pakamwa sipatsekeka.

"Kiyi wanu sadachokepo pakhosi?"

"Achoke apite kuti?" Mayi Agnesi adapisa dzanja m'bulauzi n'kutulutsa kathumba kosoka ndi chidutswa cha chitenje. M'kati mudali foni, ndipo kiyi adali womangirira pachingwe chake ndi mfundo yolimba. "Kafunseni mlongo wanu. Mbewu yanga idatengedwa Lamulungu, mudzi wonse uli ku Misa. Onse adali kutchalitchi kupatula iyeyo ndi a Bonifasi a mwendo aja. Akuuzeni kumene adali."

*

Dorika adamupeza mlongo wake kudimba akuthirira kabichi, makeni awiri m'manja, akuyenda mwachangu ngati wina akumuthamangitsa. Munthu wodabwitsa Gerevazio! Madzulo akumuchotsa pamudzi, iye ali yakaliyakali kuthirira ndiwo za apongozi.

"Lamulungu udali kuti?"

"Mwadzuka bwanji, alongo?"

"Ndadzuka. Udali kuti?"

Gerevazio adatula makeni pansi n'kupukuta manja pabuluku. "Ndidali koyenda."

"Koyenda kulibe dzina?"

"Alongo, pali zina mwamuna sauza munthu wamkazi, olo akhale wobadwa naye."

Dorika adamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, maso ake n'kuima pa zala. Zidali zochekekachekeka, mabala ang'onoang'ono ngati a munthu amene wakhala tsiku lonse akukoka khonje ndi kuluka makoko. Pomwepo adakumbukira kuti Lolemba kutsidya kwa mtsinje kudali chiliza cha mkulu wina, ndipo gule adatuluka wadzaoneni. Awiriwa adabadwira m'banja la gule, malemu bambo awo sadapondepo m'tchalitchi mpaka imfa. Dorika sadafunikire kuuzidwa zambiri.

"Mayo ine," adatero chapansipansi. "Munthu wa kwaya iwe, wokwatira pa guwa, ukadapitabe kudambwe?"

Gerevazio adayang'ana kumbali, kukhala ngati sadamve.

Ndiye msampha wake umenewo. Mboni zoti Gerevazio sadali pamudzi tsiku limenelo zidalipo zambiri, amuna okhaokha, koma panalibe ndi mmodzi yemwe akadatsegula pakamwa. Ndipo zikadamveka, a Damiano, mkulu wa mpingo wosaseka, akadamuthamangitsa mofulumira kuposa wakuba. Akanena apita, akakhala chete apitabe.

"Kiyi wako ali kuti?"

"Pamsomali, kuseri kwa chithunzi cha Amayi Maria. Sadasunthe. Alile akudziwa."

"Nanga Alileyo akuti chiyani?"

"Akungolira. Anene chiyani pamaso pa amalume ake?" Adatolanso makeni aja, koma sadayende. "Mkamwini ndi mlamba, alongo, sachedwa kuterereka. Zimenezo ndidazidziwa tsiku lomwe ndinkamanga nyumba pano. Koma Ufulu, kamtsikana kanga kotsiriza kaja, sikagona ndisanakafunditse ndine."

Dorika adatembenuka msanga kuti mlongo wake asaone maso ake, n'kuyamba kukwera chitunda chobwerera kumudzi. Dzuwa lidali litatulukira kale pamwamba pa nkhungu.

*

A Bonifasi ankakhala moyang'anana ndi mayi Agnesi, pakati pali bwalo ndi mitengo iwiri ya mapichesi. Chiwavutireni mwendo sankapita kulikonse. Ankangokhala pakhonde atatambalala, kuwerenga aliyense wodutsa, ndipo nkhani akaiyamba ankaiyambira ku migodi ya ku Joni.

"Ndimadziwa kuti mubwera," adatero asanapatsidwe ndi moni yemwe. "Ine ndidaona zonse ndi maso awa, koma amandimvera ndani? Nkhalamba ikayankhula amati ndi mowa. Pamene ndinkagwira ntchito ku mgodi, mzungu wina..."

"A Bonifasi, za mzungu mudzandiuza mawa. Lamulungu mudaona chiyani?"

"Ee, chabwino, chabwino. Idabwera lole yaing'ono yoyera, ngati za mavenda a kachewere zomwe zija. Anthu adali atangolowa m'tchalitchi, nyimbo yolowera ikumveka chapatali. Koma sidadzere kumlatho iyayi. Idatulukira uku, kuseri kwa manda, njira ya ngolo."

Dorika adasendera pafupi. Mlatho udakokoloka ndi mvula ya chaka chatha, ndipo mlendo aliyense wa galimoto ankafika pamenepo n'kuima, kufunsa njira. Njira ya ngolo ya kuseri kwa manda ankaidziwa ndi anthu okulira m'mudzimo.

"Adatsika ndani?"

"Anyamata awiri achilendo, chiyankhulo cha m'tauni. Koma ulemu ali nawo, moni adapereka ndi manja awiri. Akuti atumidwa ndi eni ake, mayi agulitsa mbewu kuti athandizire zakuchipatala, kiyi nayu. Adandionetsa ndithu. Wachitatu sadatsike. Adangokhala kutsogolo, chipewa mpaka pamphuno, galasi lotseka."

"Inu n'kungowasiya?"

"Ine? Munthu woti ndidayenda mpaka ku Joni?" A Bonifasi adadzimenya pachifuwa. "Ndidati taimani kaye anyamata, ndiimbire eni ake. Ndidaimba. Nthawi yomweyo m'galimoto muja mudayamba nyimbo ya kwaya, yokoma bwanji, ya Amayi Maria. Ndidati anawa ngopemphera, atsegula wailesi poti ajomba ku Misa. Kenaka nyimbo ija idangoduka, foni yanga n'kuyankhidwa. Mawu aamuna, apansipansi ngati munthu wa chimfine. Akuti ndine mkamwini wawo wa ku Lilongwe kuno, mayi akusamba, za mbewuzo n'zoona, asiyeni atenge. Nanga ine ndikadatani?"

"Zimenezi mudawauza a Damiano?"

"Ndidawauza! Koma amake Alile akuti foni yawo sidalire tsiku limenelo, akuti nkhalamba idaimba nambala yolakwika. Basi onse kuseka. A Damiano akuti zofunika amva kale: mbava zidabwera ndi kiyi, ndipo kiyi wotsala pamudzi adali wa mkamwini."

Mutu wa Dorika udayamba kuthamanga. Samuel, mwamuna wa Faith, adali munthu wa kumpoto amene adafikapo m'mudzimo kamodzi kokha, pa ukwati. Njira ya ngolo akadaidziwira kuti? Ndipo mkamwini woyankhula ndi apongozi ake ali kuseri kwa chitseko angagwire foni yokhala pachifuwa pawo? Zimenezo ndiye zosatheka.

"Tabwerekeni foni yanuyo."

Adafufuza mwa manambala oimbidwa. Ya Lamulungu idalipo, ndipo sidali yolakwika, idali ya mayi Agnesi yeniyeni. Dorika adadina batani lobiriwira n'kuika foniyo pabondo.

Padapita kamphindi. Kenaka kutsidya kwa bwalo, kuseri kwa mitengo ya mapichesi kumene mayi Agnesi ankapeta chimanga, kudamveka kwaya ikuimba nyimbo ya Amayi Maria.

A Bonifasi adayesa kudzuka, kuiwala kuti mwendo ngwodwala. "Iyo! Nyimbo yake ndi imeneyo! Amake Linus, ndiye kuti foni ya amake Alile idali m'lole muja?"

*

Chanzeru chidali kudumpha bwalolo n'kukafunsa mayi Agnesi funso limodzi lokha. Mtunda wake udali waufupi, mwana akhoza kuponya mwala n'kufika. Koma Dorika sadapiteko. Kanthu kena kozizira kadali katakhala pamtima pake, ndipo iye sadafune kukapatsa dzina. M'malo mwake adatsetserekera kumtsinje n'kuwolokera kwa mayi Zikhalo.

Adali atakumbukira mphekesera ya mwezi wathawo. Mayi Zikhalo nawonso adapita ku Lilongwe kukaona mwana wawo wogwira ntchito ya ulonda, ndipo atabwerako panyumba padabuka ndewu yoti mudzi wonse udamva. Nkhaniyo sidafike ku gulu la chitetezo. Tsopano Dorika ankapemphera chamumtima kuti akamve zina, zosiyana ndi zimene ankaziopa.

Adawapeza akusenda nyemba pamphasa. Mayi Zikhalo adali munthu wa nthabwala, woyankhula mothamanga, woseka ndi pamaliro pomwe.

"Za nyemba zanga zija? Aa, zisiyeni amake Linus, n'zochititsa manyazi. Matumba a nyemba ndi feteleza yemwe, psiti! Loko ali bwinobwino. Ndidadziwiratu kuti ndi bambo a kunyumba kuno, agulitsa n'kumwera kachasu. Akukanabe mpaka lero, akulumbira pali malemu mayi awo, koma ndidawaphika ndi mthiko, wafunseni msana."

"Ku Lilongwe munkagona kuti?"

"Nanga si komwe mudatiuza kumphakati kuja? Kwa mwana wanga anyamata amagona anayi m'chipinda chimodzi, ine ndikadalowa pati? Ku Chinsapo, kwa mayi wamasiye uja. Malo abwino, otchipa zedi, ndidangopereka nyemba pang'ono. Vuto lake limodzi, magetsi kulibe. Akuti adawadula kalekale."

"Ndiye foni munkatchaja bwanji?"

"Mwana wanu, amake Linus! Mudabala inu. Adabwera m'mamawa kusanache bwino, akuti mayi bweretsani foni ndikakutchajireni kumsika. Madzulo n'kubwera nayo yodzadza, osalandira olo kobiri. Ine ndimati ndimasule kiyi pachingwe, mfundo yake kuvuta, iye akuti musavutike mayi, ndingotenga ndi kathumba komwe."

"Lidali tsiku lanji?"

"Lamulungu. Ndikukumbuka poti ndidapita kutchalitchi cha konko wopanda foni. Mwana wosaiwala kwawo ameneyo! Amafunsa zonse: chaka chino mwakolola bwanji, mwasunga pati, kunyumba mwasiya ndani. Ana ena akalowa m'tauni safuna n'kumva komwe za kumudzi." Mayi Zikhalo adaleka kusenda nyemba. "Kodi mwatani? Nkhope yanu yachita ngati mwaona njoka."

"Palibe. Ndi chisanuchi."

Adatsanzika osadziwa kuti wanena mawu anji. Zonse zidali zitalumikizana zokha popanda iye kuzikakamiza. Munthu atatenga kiyi ku Chinsapo m'mamawa, pofika nthawi ya Misa ali ku Kaphuka, madzulo wabwerera n'kubweza kathumba kwa mwini wake, foni itatchajidwa m'galimoto momwemo. Mwini wake n'kuthokozanso.

*

Pamtsinje Dorika adakhala pamwala. Linus adali mwana mmodzi yekhayo amene adamutsalira. Awiri adawaika m'manda ali aang'ono, bambo wawo n'kuwatsatira. Adamulera ndi ganyu, ndi zitumbuwa zogulitsa pasukulu. Ndipo chaka chino, pamene Linus adatumiza malata oti afolere nyumba, Dorika adavina pabwalo anthu akuona. Tsopano ankadzifunsa kuti malata amenewo adachokera m'nkhokwe ya yani. Manyazi ndi chisoni zidamugwira nthawi imodzi, moti adalira mokweza ngati mwana, poti pamtsinjepo padalibe womuona.

"Alongo?"

Adali Gerevazio, akuchokera kudimba, atasamba n'kuvala malaya ake a kwaya. Ankapita kumlandu wake atatchena ngati wopita ku ukwati.

Dorika adamuuza zonse, osabisa kanthu. Gerevazio adamvetsera ali chiimire. Dorika atamaliza, mlongo wakeyo adanjuta pafupi naye n'kutola kamwala, kumangokatembenuza m'manja.

"Wina mwamuuza?"

"Ayi. Koma a Bonifasi aidziwa nyimbo ija."

"A Bonifasi palibe amawamvera." Adaponya kamwala kaja m'madzi. "Musanene, alongo."

"Wati chiyani?"

"Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ameneyu ndi mwana wanu mmodzi yekha. Ine ndine malume ake, ndipo mukudziwa kuti nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Mlanduwu ngwanga ndithu, wangosiyana njira yobwerera. Anyamata a m'mudzi muno akamva, mukuganiza adzadikira apolisi? Simudaone zimene adamuchita wakuba mbuzi uja kumsika? Ndisiyeni ndipite. Ndibwerera kwathu, ndizidzalima munda wanu. Linus tidzamuitana mwakachetechete, ndidzayankhula naye ndine."

"Nanga ana ako?"

"Ndizidzawaona kutchalitchi."

"Akula akumva kuti bambo wawo ndi mbava."

"Akula basi. Ana amakula."

Adadzuka, nasasa fumbi pabuluku, n'kuyamba kukwera chitunda. Dorika adamuyang'ana kumsana. Mlongo wakeyo adali kamunthu kochepa thupi, kofatsa, koti chibadwire sikadakanganepo ndi munthu. Mtima wina unkamuuza kuti akhale pomwepo pamwalapo mpaka dzuwa lilowe, zonse zithe iye kulibe. Panalibe amene akadamudzudzula. Adakhaladi kanthawi, akumvetsera madzi. Koma mthunzi wa mibawa utafika pamapazi ake, adadzuka.

*

Pabwalo la mayi Agnesi anthu adali atakhala kale, amuna pamipando ndi pazitsa, akazi pamphasa. Pakati padali chikwama chakuda chong'ambika zipi, chomanga ndi chingwe, khasu ndi nkhwangwa zili pambali pake. Alile adakhala pakhonde maso ali psuu, ana awiri atamutsamira. Wamng'ono uja, Ufulu, adali atathawira kwa bambo ake n'kuwagwira mwendo, ndipo palibe adalimba mtima kumuchotsa.

A Damiano adatsokomola, nakonza kolala ya jekete. Ankayankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga kalata yoyamba pa Misa.

"Abale, sitidasonkhane kuti tinyoze munthu. Ife ndife banja lopemphera. Koma mbewu yapita, loko sadathyoledwe, ndipo akamwini athu akukana kutiuza kumene adali pa tsiku la Ambuye. Tawafunsa mwaulemu, tawafunsanso. A Gerevazio, muli ndi mawu otsiriza?"

Gerevazio adagwada, dzanja limodzi lili pamutu pa mwana. "Ndilibe mawu, akuluakulu. Chimene mwagamula ine ndalandi..."

"Taimani!"

Mitu yonse idatembenuka. Dorika adalowa pabwalo akupuma mwawefuwefu, chitenje chitanyowa m'munsi ndi madzi a mumtsinje. Gerevazio adamuyang'ana n'kupukusa mutu pang'ono, kumuchonderera ndi maso. Iye sadamuyang'anenso.

"Amake Linus," adatero a Damiano, "tikudziwa kuti magazi ndi magazi. Koma pano simudabwere ngati a chitetezo, mwabwera ngati mlongo wa wolakwa."

"Ndili ndi mafunso awiri okha kwa amake Alile, kenaka mugamule." Adatembenukira kwa mayi Agnesi. "Lamulungu lija, foni yanu idali kuti?"

"Idali ndi ine, nanga..." Mayiwo adaima. "Iyayi. Tsiku limenelo idapita kotchaja. Kuja kulibe magetsi."

"Idapita yokha, kapena ndi kathumba komwe?"

Mayi Agnesi adagwira pachifuwa pomwe padali kathumbako. Zala zawo zidatsata chingwe mpaka pa kiyi. Kenaka adayang'ana Dorika ndi maso a mantha ndi chisoni, maso a mayi kwa mayi mnzake.

"Adatenga ndani, mlongo?" adafunsa a Damiano. "Tiuzeni."

Mayi Agnesi adaphimba pakamwa ndi chitenje.

"Asiyeni, ndinena ndine," adatero Dorika. Mawu ake adamveka mpaka kukhonde kwa a Bonifasi. "Adatenga ndi Linus, mwana wanga. Ndiye adakhala m'lole atavala chipewa, ndiye adalondolera anzake njira ya kuseri kwa manda. A Bonifasi ataimba, foni idalirira m'galimoto momwemo, iye n'kuyankha ngati a Samuel. Nyemba za amake Pilira, mayi Zikhalo, zidapitanso chimodzimodzi, amuna awo adamenyedwa ulere. Chipinda chotchipa chija chidali nyambo, ndipo amene adakuitanirani ku nyamboyo kumphakati ndine. Mlongo wangayu sadakhudze mbatata yanu ndi imodzi yomwe."

Pabwalo phokoso lidabuka, ena akuti mayo, ena akufunsana za abale awo amene adagonako ku Chinsapo. A Bonifasi ankakuwa ali pakhonde pawo kuti adanena iwo, adanena iwo.

A Damiano adakweza dzanja. Nkhope yawo idali itagwa, koma munthu wamkulu sagonja kamodzin'kamodzi. "Tamva. N'zomvetsa chisoni. Komabe funso lija likadalipo. Akamwini athu adali kuti Lamulungu?"

"Mlandu wa lero ngwa kachewere, a Damiano," adayankha Dorika. "Wojomba ku Misa amakaulula kwa ansembe, osati kwa amalume a mkazi wake."

Wina adaseka kumbuyo, n'kudzitseka pakamwa. A Damiano adayang'ana pansi. Apo Alile adadzuka pakhonde, nadutsa pakati pa amalume ake onse osapempha njira, n'kusenza chikwama chija kubwerera nacho m'nyumba. Mwana wamkulu adatola khasu, winayo nkhwangwa. Gerevazio adangokhala chigwadire, misozi ikugwera pamutu pa Ufulu.

"Chinthu chimodzi ndikupempha," adatero Dorika, akuyang'ana anyamata amene adayamba kale kunong'onezana kumbali. "Pasapezeke womuimbira, pasapezekenso wokwera minibasi kukamusaka. Kupolisi ndipita ndekha m'mawa, ndipo ndikawalondolera ndine. Ndidamubala ndine, ndikamupereka ndi manja anga ali wamoyo."

Sadadikire yankho. Adazungulira kuseri kwa kanyumba kopanda mbewu kaja, kumene kudalibe anthu, n'kutulutsa foni yake. Dzuwa lidali likulowa kuseri kwa phiri ndipo mphepo yozizira idayamba kutsika. Adaimbira Linus, ndipo foni idangoitana kawiri.

"Amayi! Mwaswera bwanji? Kumudzi kuli bwanji?"

Mawu ake adali omwe aja, osangalala, a mwana amene ankamubereka kumsana popita kukagulitsa zitumbuwa. Dorika adatsamira khoma.

"Taswera, mwanangu. Mawa ndikubwera kumeneko kudzakuona. Undipezere pogona."

"Zoona, amayi? Musadandaule, chipinda chilipo, chotchipa. Ndidzakuchingamirani padepoti. Mubwera nokha?"

Dorika adatseka maso, misozi n'kutsika yokha.

"Ayi, mwanangu," adatero. "Sindibwera ndekha."